Kiyi wa Chipinda cha Kachewere

1. Loko

Pakhomo pa kwawo kwa Tikondwe, m'mudzi wina kufupi ndi Tsangano, padali chipinda cha njerwa kuseri kwa nyumba. Mudali mosungira mbatata ya kachewere. Chipindacho chidalibe zenera, koma kabowo kolowera mpweya pamwamba pa chitseko. Sabata ya chinkhoswe cha Mervis, mkulu wake wa Tikondwe, matumba a kachewere adawakankhira kukhoma ndipo pansi adayalapo mphasa. M'menemo ndi mmene adatsekeramo bambo awo, a Fabiano.

Musafulumire kunena kuti anthu a pakhomopo adali ankhanza. Adali otopa. A Fabiano adayamba kumwa atabwerako ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'minda ya mphesa mpaka msana udawakanika. Poyamba udali mowa wa masese, Loweruka lokha, ndi anzawo. Kenaka kudabwera kachasu, tsiku ndi tsiku, m'mawa asanasukusule n'komwe.

Anthu a pamsika adawapatsa dzina loti a Botolo. Dzina loti Fabiano lidatsala m'kamwa mwa akazi awo okha. Anthu omwewo adaiwala msanga kuti munthuyu ndi amene ankatsogolera gule wa ngoma pazisangalalo, moti akaponda pansi ngakhale nkhalamba zinkadzuka. Ana a pasukulu, amene sasowa chonena, ankamuitana Tikondwe kuti Kabotolo. Iye adali Fomu 2, ndipo adazolowera kudzera njira ya kudimba pochokera kusukulu, kuopa kupeza bambo ake atagona pakhonde la golosale anzake akuona.

Nzeru yowatsekera idachokera kwa amalume ake a Tikondwe, a Maynard, omwenso adali nkhoswe ya Mervis. A Fabiano sadatsutse. Lachitatu m'mawa adanyamula okha bulangeti n'kulowa m'chipindamo. Adangonena kuti awatsekere ndithu, mwana wawo asachite manyazi chifukwa cha iwo. Poti mayi adatanganidwa ndi zokonzekera, kiyi adapatsidwa Tikondwe kuti azipereka chakudya.

A Maynard sadampatse kiyiwo chabechabe. Adamukhazika pansi kaye.

"Iwe Tikondwe, tchera khutu. Banja limene likubwera Loweruka ndi la anthu aulemu, a ku Mlangeni, anthu a tchalitchi. Akadzangoona bambo ako akudzandira pakati pa bwalo, mawa lake kubwera uthenga woti mwana wawo sangakwatire kubanja la zidakwa. Chidakwa ndimachidziwa ine. Chimalira, chimanama, chimalumbira. Akuuza kuti akufa. Akuuza kuti m'mimba mwawapotokola. Aziitana dzina lako mokoma ngati sadakulakwirepo. Zonsezo ndi ludzu la kachasu basi. Iwe uzingowapatsa chakudya ndi madzi, n'kukhomanso loko. Ukawatulutsa wamuphera ukwati mkulu wako, ndipo mlandu umenewo udzausenza mpaka imvi. Alendo akafunsa, bambo ako apita ku Mozambique kukagula mbewu, galimoto yawafera m'njira. Za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Wamva? Mawu a akulu akoma akagonera."

Tikondwe adavomera. Kiyi adaumanga pakachingwe n'kuuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi.

2. Linthumbu

Tsiku loyamba zonse zidayenda bwino. A Fabiano adadya, ndipo adamuseketsa mwana wawo ponena kuti tsopano asanduka mlonda wa kachewere wosalandira malipiro.

Lachinayi nthabwala zidatha. Tikondwe atawapatsa tiyi, manja awo ankanjenjemera kwambiri moti theka la tiyiyo lidathera pamphasa. Lachisanu chakudya adachikana. Adali atasanza pakona, ndipo thukuta linkachita kuyenderera pankhope pawo. Umenewu udali mwezi wa Juni, pamene chisanu cha ku Tsangano chimalowa mpaka m'mafupa, koma malaya awo adali atanyowa ngati agwa mumtsinje.

Tikondwe adakawanong'oneza mayi ake, omwe adali pakati pa amayi anzawo kusenda kachewere wa alendo. Mayiwo adayang'ana uku ndi uku, n'kumuyankha motsitsa mawu kuti umenewo ndi mowa ukutuluka m'thupi, awasiye. Maso awo adali ofiira chifukwa chosowa tulo, ndipo mpeni sadausiye.

Loweruka m'mawa, tsiku la chinkhoswe, Tikondwe adatsegula loko atanyamula phala. Adapeza bambo ake atakwera pamwamba pa matumba, akudzisasa miyendo ndi manja onse awiri. Ankanena kuti linthumbu ladzaza chipinda chonse, likukwera m'khoma, likuwalowa m'makutu. Tikondwe adayang'ana pansi. Padalibe nyerere ngakhale imodzi.

"Ababa, ndine Tikondwe," adatero.

A Fabiano adamuyang'ana ndi maso otong'oka. Sadamuzindikire. Adayamba kumupepesa ngati akuyankhula ndi kapitawo wa kumunda wa mphesa, kuti asawachotse ntchito, msana upola.

Mantha amene adamugwira Tikondwe sadawamvepo chibadwire. Bambo ake adawaonapo ataledzera kambirimbiri: akuimba, akugwa, akulira. Koma ngakhale ataledzera chotani, dzina lake sankaliiwala. Adaika phala pansi, adakhoma loko, n'kuthamangira kwa amalume ake.

Adawapeza akulamula anyamata omwe ankadzutsa tenti pabwalo. Adawafotokozera zonse, za linthumbu ndi za kapitawo zomwe. A Maynard adangopukusa mutu n'kumukumbutsa kuti adamuuziratu kuti chidakwa chimadziwa masewero. Adati zatsala ndi maola ochepa, alendo akangopita awatsegulira. Nthawi yomweyo kuseri kudamveka kugunda kwa chitseko ndi mawu a munthu akukuwa. A Maynard adakodola mnyamata woimba nyimbo n'kumuuza kuti akweze masipika.

Nyimbo zidakwera mpaka malata a nyumba ankanjenjemera. Kukuwa kuja sikudamvekenso.

3. Chitenje

Alendo a ku Mlangeni adafika dzuwa litakwera, atadzaza lole yotengera kachewere. Adalandiridwa ndi nthungululu. Elson, mnyamata wa Mervis, adatsika atavala malaya a nsalu yofanana ndi ya diresi la bwenzi lake, akumwetulira ngati wapambana mayeso. Amalume ake, a Fanizo, nkhalamba yaitali ya chipewa chakuda, ndi amene adali nkhoswe yake. Atafunsa za mwini khomo, adauzidwa za galimoto yofera ku Mozambique, ndipo adadandaula mwaulemu.

Pachinkhoswe pali kamwambo kamene anthu amakakonda kuposa chakudya. Mkazi weniweni asanatuluke, akuchikazi amabweretsa kaye atsikana ena ataphimbidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mwamuna amavundukula, n'kunena kuti si ameneyu. Anthu amaseka, mtsikanayo amabwerera akuvina, ndipo amabweretsa wina. Wophimbidwayo saloledwa kuyankhula kapena kuseka. Pa atsikana osankhidwa, woyamba kutuluka adayenera kukhala Tikondwe.

Amayi asanamuitane, adazemba n'kupita kuseri. Adaika khutu pachitseko koma sadamve kanthu. Adatsegula.

Bambo ake adali pansi, pakati pa mphasa ndi matumba. Thupi lonse lidali litauma gwa, kenaka lidayamba kuphupha. Zidendene zinkamenya pansi, maso adatembenuka, ndipo kukamwa kunkatuluka thovu losakanikirana ndi magazi. Tikondwe adangoima pakhomo. Patapita kanthawi kuphupha kudaleka, a Fabiano adangoti zii, akupuma mokoka ngati munthu wotsamwa.

Adathamanga kukafuna mayi ake. Chitseko adangochikankha, koma loko adakhoma, poti dzanja lidali litazolowera. Pakhonde la nyumba adakumana ndi gulu la amayi omwe ankamufunafuna. Adayesa kuwauza kuti bambo ake agwa, koma nyimbo zidameza mawu ake. Mayi wina amene adamvako adangoti za a Botolo zidikire, lero ndi la Mervis. Asanadziwe n'komwe, chitenje chidali chitamuphimba, ndipo manja awiri adamugwira m'mapewa n'kuyamba kumuyendetsa.

M'kati mwa chitenjemo mudali mdima wofiirira ndi fungo la sopo. Ankangoona zala za kumapazi kwake ndi fumbi. Kiyi udali kumuzizira pachifuwa. Amayi ankaimba, anthu ankaomba m'manja, ndipo iye ankayenda pang'onopang'ono monga adamuphunzitsira, misozi ikutsikira m'khosi.

Adamuimika pakati pa bwalo. Wotsogolera mwambo adalamula kuti nyimbo zizime kuti anthu amve bwino yankho la mkamwini. Bwalo lonse lidakhala chete. Tikondwe adatchera khutu kuseri kwa nyumba. Akadamva kugunda kapena kukuwa, mwina mtima ukadatsika pang'ono. Sadamve chilichonse, ndipo zimenezo zidamuopsa kuposa zonse.

Elson adavundukula chitenje n'kunena mokweza kuti si ameneyu, uyu ndi mlamu wake. Anthu adafa nacho chiseko. Apa Tikondwe adayenera kutembenuka n'kubwerera akuvina. Sadasunthe.

Wotsogolera mwambo, munthu wa nthabwala, adaganiza kuti wapeza poseketsera anthu. Adamuyandikira n'kumufunsa ngati wakana kuchoka chifukwa choti wamusirira mlamu wake, ndipo adamuikira chimkuzamawu pakamwa.

Tikondwe adaona amalume ake atakhala kutsogolo, maso ali pa iye. Adaonanso zenera la chipinda mmene Mervis ankadikira ataphimbidwa. Adagwira chimkuzamawu chija ndi manja onse awiri.

"Ababa sali ku Mozambique. Ali m'chipinda cha kachewere, tinawatsekera Lachitatu. Agwa ndipo akutuluka magazi kukamwa. Ndithandizeni, akufa."

Mawuwo adatuluka m'masipika onse, mpaka adamveka kumsewu.

4. Supuni, madzi ndi chingwe

Poyamba palibe adasuntha. Kenaka kumbuyo wina adati, "A Botolo!" ndipo anyamata angapo adaseka. A Maynard adaimirira n'kuyamba kufotokozera alendo kuti mwanayu wasokonezeka ndi kutopa. Mayi a Tikondwe adangokhala pansi pafumbi pomwe adaimapo, manja ali kumutu.

Tikondwe sadadikire. Adataya chitenje n'kuthamangira kuseri, ndipo khamu lidamutsatira. Ambiri sadatsatire kuti akathandize. Adatsatira kuti akaone, monga anthu amachitira galimoto ikagubuduzika.

Atatsegula, amuna awiri adawakokera a Fabiano panja. Kuwala kutangowamenya, thupi lidaumanso n'kuyamba kuphupha kachiwiri. Apa aliyense adasanduka dokotala. Wina adathamangira ndowa ya madzi ozizira, kuti woledzera amadzuka ndi madzi. Mayi wina adabwera ndi supuni yoti awaike m'kamwa. Ena ankati ndi ziwanda, aitane abusa. Ena ankati apenga, pabwere chingwe. Mkulu wina adanena poyera kuti chidakwa sichifa ndi zoterezi, akungofuna kuononga mwambo wa mwana.

Tikondwe adathamangira anyamata a kabaza wa njinga zamoto omwe adaima pamthunzi. Adawagwadira. Mmodzi adati sanganyamule a Botolo, amusanzira pampando. Wina adayang'ana kumbali ngati sakumva. Awa ndi anyamata omwe a Fabiano adawaphunzitsa kuponda ngoma ali ana, ndipo kukamba zoona, zimene adachitazi zidali zochititsa manyazi kuposa zonse za tsikulo.

Atabwerera adapeza a Fanizo, amalume a Elson aja, atagwada pafumbi ndi suti yawo. Supuni adali atayilanda n'kuiponya kutali. Adapinda jekete yawo n'kuika pansi pa mutu wa wodwalayo, ndipo kuphupha kutaleka adamugoneka chammbali kuti thovu lituluke. Kenaka adafunsa Tikondwe kuti bambo ake adamwa liti komaliza. Iye adati Lachiwiri.

Nkhalambayo idaimirira n'kuyang'ana khamulo.

"Ikani pansi ndowayo. Munthu uyu sanaledzere. Chimene chikumupha n'choti sanamwe. Ine ndidakhala kumigodi ndili mnyamata, ndipo izi ndidaziona ndi maso angawa. Tidali ndi anzathu omwe ankamwa tsiku ndi tsiku. Wina akatsekeredwa m'chitolokosi masiku angapo, ankayamba chonchi: kunjenjemera, kuona njoka, kugwa. Ena sadatulukemo amoyo. Mowa ukakhazikika m'thupi zaka zambiri, suchoka ndi loko. Awa ndi matenda, ndipo malo ake ndi kuchipatala. Inu mukuseka apo, ndani mwa inu alibe m'bale wotere? Ndani? Kwathu ku Mlangeni aliko. M'banja mwathu momwe aliko. Munthu akadwala shuga timamunyamula. Akadwala chifuwa timakamuzonda ndi nthochi. Koma akagwidwa ndi mowa timamupatsa dzina lachipongwe, n'kumadabwa kuti bwanji sakupempha thandizo. Angapemphe bwanji kwa anthu omwe akumuseka? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mwana wamng'ono uyu wachita zimene akuluakulu tonse tinayenera kuchita. Munthuyu dzina lake ndani?"

Anthu adayang'anana, poti ambiri dzina lenileni adali ataliiwaladi.

"Ndi a Fabiano," adayankha mayi a Tikondwe, omwe adali atafika kumbuyo kwa khamulo.

A Fanizo adauza dalaivala wa lole kuti alize galimoto. Amuna omwe ankasekawo ndi amene adawalozera kuti anyamule mphasa, ndipo adanyamula mitu ili pansi. A Maynard adayesa kunena kuti mwambo upitirire, tambala ndi thadzi zisinthanidwe kaye. A Fanizo adawayankha mwaulemu kuti nkhuku zidikira, ndipo za mwambo akambirana bambo a Elson akamva zonse.

Lole ikunyamuka, Tikondwe adacheuka. Mervis adali atatuluka m'nyumba, chitenje chili m'mapewa, ataima yekha pakati pa mipando yopanda anthu. Sadakweze dzanja.

5. Kuchipatala

Msewu udali wa mabampu ndi fumbi. Tikondwe adakhala kumbuyo kwa lole, mutu wa bambo ake uli pamiyendo pake. Mayi ake adagwira miyendo ya wodwalayo. Thupi lidali lotentha ngati mbaula, ndipo mtima unkagunda mothamanga moti ankauona pakhosi. Pabampu lililonse Tikondwe ankaika dzanja pamphuno pawo kuti amve ngati akupumabe. Mayi ake ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo adawalandira dokotala wachizimayi, wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu. Sadafunse ngati wodwalayo ndi chidakwa. Adafunsa kuti amamwa chiyani, kangati, ndipo adasiya liti. Adawabaya jakisoni, adawaika dripi, ndipo patapita nthawi kunjenjemera kudayamba kuchepa. Kenaka adaimba foni kuitanitsa ambulansi, kuti wodwalayo akagonekedwe kuchipatala cha pa Boma ku Ntcheu.

Akudikira, mayi a Tikondwe adayamba kulira. Adati iwo ndi amene apha amuna awo. Dokotalayo adakoka mpando n'kukhala nawo pafupi.

"Mayi, lekani kudziimba mlandu. Simuli oyamba. Ambiri amaganiza kuti munthu womwa kwambiri akungofunika kumumana mowa basi. Ena amawamanga, ena amawatsekera, ena amapita nawo kumapemphero osadzera kuno. Koma munthu amene wamwa tsiku lililonse kwa zaka, thupi lake limazolowera. Mukamudula mwadzidzidzi, limasokonezeka, ndipo akhoza kufa. Kusiya n'kotheka, ndipo ndaona ambiri atasiya. Koma asiye tikumuona ife, tili ndi mankhwala omuthandiza kudutsa masiku oyambawa. Chimene chimandipweteka n'choti amabwera mochedwa. Achibale amaopa kuti anthu aona. Wodwala naye amaopa kuti timuseka. Manyazi amenewa atiphera anthu ambiri m'dera lino. Ndipo iwe mtsikana, umve bwino: ukadzaona munthu wotere akunjenjemera, akuona zinthu zoti palibe, kapena wagwa, usamuthire madzi, usamuike kanthu m'kamwa. Umugoneke chammbali n'kuthamanga naye kuno. Ukawauzenso anzako kusukulu."

Tikondwe adafunsa funso limodzi lokha, ngati bambo ake achira. Dokotalayo sadamunamize. Adati afika nawo nthawi ilipo, koma ngozi siidathe, ziwoneka mawa.

A Fanizo, omwe adawaperekeza, adabwerera ndi lole kukatenga anthu awo. Potsanzika adamugwira Tikondwe paphewa koma za ukwati sadanenepo kanthu, ndipo iye adaopa kufunsa.

6. Lamulungu

Kuchipatala cha pa Boma a Fabiano adagona osadzuka mpaka tsiku lotsatira. Tikondwe ndi mayi ake adasinthana kukhala pambali pa bedi. Foni ya mayi idalira kawiri. Koyamba adali a Maynard, ndipo mayi adangomvetsera. Atadula adamuuza Tikondwe kuti alendo adapita osadya, ndipo nkhuku zija sizidasinthanidwe. Kachiwiri adali mnansi wofuna kudziwa ngati kuli maliro. Mervis sadaimbe.

Lamulungu masana, mayi atapita kukagula nthochi pageti, a Fabiano adatsegula maso. Adayang'ana denga, adayang'ana dripi, kenaka adatembenuza mutu. Tikondwe adaopa kuti amutchulanso kapitawo.

"Tikondwe," adatero ndi mawu osasa. Lilime lidali lotupa pomwe adadziluma.

Mtsikanayo adalira ngati kamwana. Adawamwetsa madzi pang'onopang'ono, akuwagwira mutu. Atamwa adafunsa kuti ali kuti, ndipo adawauza. Kenaka adafunsa ngati chinkhoswe chidatha bwino, komanso ngati alendo adadziwa.

Tikondwe akadatha kunama. Munthu wodwala amanamizidwa kawirikawiri, ndipo palibe akadamudzudzula.

"Onse akudziwa, ababa. Ndinanena ndine, pachimkuzamawu. Mwambo sunathe."

A Fabiano adatembenukira kukhoma. Mapewa awo adayamba kugwedezeka, ndipo Tikondwe adadzidzimuka poganiza kuti kugwa kuja kwayambanso. Koma uku kudali kulira. Iye adadikira kuti amukalipire, kapena amuuze kuti achoke. M'malo mwake dzanja lawo, lomwe linkanjenjemerabe, lidafufuza pabulangeti mpaka lidapeza lake.

"Ndimaopa, mwana wanga," adatero osacheuka. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kusiya. M'mawa uliwonse ndikachedwa kumwa, manja amayamba chonchi, ndiye ndimathamangira komweko. Ndinalibe womuuza. Munthu wotchedwa Botolo angauze ndani kuti akuopa?"

Tikondwe adawauza zimene dokotala uja adanena, kuti ndi matenda, kuti mankhwala alipo, kuti ena adasiya. Adamvetsera ngati mwana wa sukulu. Atatha adamupempha kuti namwino akabwera amuitane, akufuna kumufunsa okha. Adamupemphanso kuti asachoke. Iye adalonjeza kuti sachoka, kupatula kukatunga madzi, poti botolo la madzi lidali litatha.

Mpopi udali panja, moyang'anana ndi geti. Akutunga, adakweza maso n'kuona munthu akulowa pakati pa anthu odzazonda odwala. Adali Mervis. Adali atavalabe diresi la chinkhoswe, litada ndi fumbi la m'njira, nsapato zili m'manja. Elson padalibe.

Mervis adamuona. Adaima pang'ono, kenaka adayamba kubwera molunjika pampopi paja, osamwetulira, osakweza dzanja. Madzi adadzaza n'kuyamba kusefukira m'manja mwa Tikondwe, koma iye sadatseke mpopi.